Kodi masamba a tiyi ndi chitsulo zingathetse poizoni wa m'madzi?

MUULUTSI: Yakwana nthawi ija ya mafunso ndi mayankho pa nkhani za sayansi. Sabata yatha tinatchula mongodutsa kuti ofufuza akugwiritsa ntchito masamba a mitengo popanga tizidutswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso, timene timaphwanya mankhwala oipa m'madzi ndi m'nthaka. Mawu ochepawo autsa makalata ambiri. Choncho lero tili ndi mayi amene amaphunzitsa chemistry ndipo amatsatira kafukufukuyu. Takulandirani mayi.

KATSWIRI: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa omvera onse.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Dedza. Akuti: "Kodi ma nanoparticles n'chiyani? Nanga chitsulo chingayeretse bwanji madzi pomwe ife timachidziwa kuti chikalowa m'madzi chimangochita dzimbiri?"

KATSWIRI: Mwanawe, funso lako lanyamuliratu yankho lake. Koma tiyambe ndi kukula kwake. Tenga rula yako uyang'ane kampata kamodzi ka milimita. Kampatako ukagawe magawo 1,000,000. Gawo limodzi ndiyo nanomita. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000, pamene tizidutswa tikunenati sitipitirira mananomita 100.

Tsono dzimbiri ulinenalo ndiye ntchito yeniyeniyo. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimakhala chikutaya maelekitironi ake, ndipo pamafunika china choti chiwalandire. Nthawi zambiri amene amalandira ndi mpweya wa okosijeni. Koma pansi pa nthaka, pamene mpweyawu ndi wochepa, mankhwala ena oipa ndi amene amawalandira, ndipo akangowalandira amasweka.

Zimenezi zinatulukira ku University of Waterloo m'dziko la Canada chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Gulu la Robert Gillham linkayesa mapaipi osiyanasiyana oika m'zitsime zoyezera madzi, ndipo linadabwa kuona kuti mankhwala ena okhala ndi klorini ankazimiririka akakhudzana ndi zitsulo. Mankhwala otchuka a mtundu umenewu ndi TCE, amene mafakitale amatsukira girizi pa zitsulo, ndipo amayambitsa khansa. Mu 1991 ofufuzawa anakumba ngalande pa malo a asilikali a Borden, n'kukwiriramo mchenga wosakaniza ndi zinyenyeswa za chitsulo panjira imene madzi a pansi oonongeka ankadutsa. Madziwo potulukira tsidya lina anali atataya TCE wokwana pafupifupi 90 pa 100 alionse. Chitsulo chinkathothola klorini pa TCE, n'kusiya mpweya wopanda vuto lalikulu monga ethene ndi ethane.

Nanga kuchepetsa chitsulocho n'kofunikiranji? Kunyumba kwanu uli nawo umboni. Khasu limatha zaka lisanadyeke, koma sitiliwulu wokwechera mapoto ukamusiya wonyowa madzulo, m'mawa umapeza ali psuu. Chitsulo chimagwira ntchito ndi kunja kwake kokha, ndiye chikachepa kunja kumachuluka. Mu 1997 Wei-xian Zhang wa ku Lehigh University ku America ndi mnzake anaonetsa kuti galamu imodzi ya tizidutswati ili ndi kunja kopitirira masikweya mita 30, pamene ufa wa chitsulo wogula sunkafika ndi sikweya mita imodzi yomwe. Phindu lina n'lakuti tizidutswa totere sitifuna kukumba ngalande. Amatisakaniza ndi madzi n'kutipopera pansi kudzera m'chitsime.

MUULUTSI: Yachiwiri yachokera kwa bambo amene amathyola tiyi ku Mulanje. Akuti: "Ndinamva mukutchula tiyi. Masamba amene timathyola ifewa akulowapo bwanji pa nkhani ya zitsulo?"

KATSWIRI: Bambo, masamba anuwo analowapo chifukwa njira yoyamba yopangira tizidutswati ili ndi mavuto. Amayamba ndi mchere wa chitsulo wosungunuka m'madzi, monga ferric chloride, kenaka amathiramo mankhwala otchedwa sodium borohydride kuti chitsulo chibwerere mwakale. Mankhwala amenewa ndi odula, ndi apoizoni, ndipo pogwira ntchito amatulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka. Komanso tizidutswa totuluka pamenepo timakokana ngati maginito, timaundana, n'kuchita dzimbiri tisanafike kumene tikufunika.

M'masamba a tiyi muli zinthu zotchedwa ma polyphenols. Ndi zimene zimachititsa kuti tiyi wakuda kwambiri wopanda shuga aziwawa n'kuumitsa m'kamwa. Zinthuzi zimagwirana kwambiri ndi chitsulo, zimatha kupereka maelekitironi, ndiponso zimakuta kadutswa kalikonse kuti kasamatirane ndi kanzake.

Ndikuuzeni mmene zimaonekera mu labotale. Munthu amayeza masamba ouma, mwina magalamu 20 mpaka 60 pa lita imodzi ya madzi, n'kuwatenthetsa pa madigiri pafupifupi 80. Akasefa amatsala ndi madzi ofiirira. Pambali amakhala ndi botolo la mchere wa chitsulo, madzi ake achikasu. Akayamba kudonthezera madzi a masamba aja m'botolomo, dontho loyamba likangogwa pamatuluka kamtambo kakuda, ndipo posakhalitsa botolo lonse limada bii. Sipafunika moto wamphamvu kapena makina odula.

Amene anatchukitsa njirayi ndi George Hoag, Rajender Varma wa ku bungwe loteteza chilengedwe la America, ndi anzawo. Mu 2009 anaonetsa kuti tizidutswa topangidwa ndi tiyi, akatiphatikiza ndi hydrogen peroxide, timaphwanya utoto wotchedwa bromothymol blue. Mu 2011 Eric Njagi ndi anzake ku University of Connecticut anachita zomwezo ndi gaga wa mapira. Mu 2013 ofufuza a ku Porto m'dziko la Portugal anayesa masamba a mitundu 26 ya mitengo, ndipo tiyi wobiriwira, makangaza ndi mtengo wa oak ndi zimene zinatsogola. Ena ku China ndi ku Australia agwiritsa ntchito bulugamu. Mukamva mndandanda umenewu muona kuti tiyi, mapira ndi bulugamu ndi zomera zimene tili nazo pakhomo. N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza.

MUULUTSI: Mayi wina wa ku Mchinji walemba motere: "Mjigo wathu madzi ake akagona m'ndowa amafiira, ndipo tikaphikira tiyi amada ngati makala. Kodi ndiye kuti ifenso takhala tikupanga zinthu mukunenazi osadziwa?"

KATSWIRI: Mayi, zimene mukuona n'zoona, ndipo mwakhudza pamene ofufuza eniakewo amatsutsana. Madzi anuwo ali ndi chitsulo chambiri, chochokera m'miyala ya pansi kapena m'zitsulo za mjigo zimene zikudyeka. Chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita, madzi amayamba kumveka fungo la chitsulo ndi kuthimbiriritsa zovala. Chikakumana ndi ma polyphenols a mu tiyi chimagwirana nawo n'kupanga chinthu chakuda. N'zomwezonso zimene zimadetsa mpeni mukamasenda nthochi zosapsa. Anthu a ku Ulaya analembera mabuku kwa zaka mazana ambiri ndi inki yopangidwa mwa njira yomweyi, posakaniza mchere wa chitsulo ndi timphundu tomera pa mtengo wa oak.

Ndiye funso n'lakuti, chakudacho n'chitsulo chenicheni chokhala ndi maelekitironi ake onse, kapena ndi inki chabe? Malipoti ambiri oyambirira ankangoti madzi ada, ndiye kuti chitsulo chenicheni chapangika. Koma mu 2013 Zhiqiang Wang, amene anagwiritsa ntchito bulugamu, ananena kuti zimene zimapangika ndi chitsulo chogwirana ndi ma polyphenols. Mu 2014 ofufuza a ku Palacký University ku Olomouc m'dziko la Czech Republic anapima tizidutswa ta tiyi wobiriwira ndi makina ozindikira mtundu wa chitsulo, ndipo nawonso sanapezemo chitsulo chenicheni chija.

Izi sizikutanthauza kuti tizidutswato n'topanda ntchito. Timagwira ntchito ndithu, koma kawirikawiri mwa njira zina. Timakoka mankhwala oipa kuti amatirire pa ito, timawaunjika kuti akhazikike pansi, ndipo tikaphatikizidwa ndi hydrogen peroxide timatulutsa tinthu taukali kwambiri timene timang'amba mankhwala. Njira yomalizayi ndi yakale. Anaitulukira Henry Fenton ku England mu 1894. Kudziwa njira yeniyeni n'kofunika, chifukwa poizoni amene wangomatirira sanafe, wangosamuka.

Za mjigo wanuwo, kauzeni a ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu kuti adzayeze madziwo ndi kuona ngati zitsulo za mkati sizinadyeke. Kuda kwa tiyiyo sikuyeretsa madzi anu mwa njira ina iliyonse.

MUULUTSI: Tsopano tipite ku Blantyre. Bambo wina wa ku Ndirande akuti: "Mtsinje wa Mudi masiku ena madzi ake amasintha mtundu ndipo amanunkha. Bwanji akatswiri osangopanga mankhwala a tiyiwa ambiri n'kukathira mumtsinjemo?"

KATSWIRI: Bambo, kudandaula kwanu ndikukumva, pakuti ambiri amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba ndi madzi amenewo. Koma kuthira tizidutswati mumtsinje sikungathandize, ndipo zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, mumtsinje muli okosijeni ndi zinyalala zamitundumitundu. Chitsulo sichisankha. Chidzapereka mphamvu zake kwa chilichonse chimene chakumana nacho, n'kutha mphamvu chisanakhudze poizoni amene mukufuna. Chachiwiri, njira ya Fenton ija imayenda bwino m'madzi a asidi, pa pH pafupifupi 3. M'thanki ya fakitale mungathe kuika madzi pa mlingo umenewo kenaka n'kuwabwezeretsa, koma mukatero mumtsinje mwapha nsomba ndi achule onse.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ndikupempha omvera onse achigwire. Utoto wambiri wonyikira nsalu ndi wa gulu lotchedwa azo. Mtundu wake umachokera pa mfundo imene maatomu awiri a nitrogen agwirana pakati. Chitsulo chimadula mfundo imeneyi mosavuta, ndipo pakangopita mphindi zochepa madzi amene anali ofiira amayera mbee. Woonerera amaomba m'manja. Koma zidutswa ziwiri zotsalazo ndi mankhwala otchedwa aromatic amines, ndipo ena mwa iwo ndi oopsa kuposa utoto uja. Ena amayambitsa khansa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi poizoni, ndipo chimene chimanena zoona ndi makina oyezera okha.

Malo oyenera njira imeneyi ndi mkati mwa mpanda wa fakitale, madzi oipa asanatuluke, pamene alipo ochepa ndipo tikudziwa zimene zili m'menemo. Matope otsalira pansi pa thanki nawonso ayenera kusungidwa mosamala. Malawi ali ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo lamulo sililola kutaya madzi oipa mumtsinje mwachisawawa. Mukaona paipi ikulavula madzi amtundu, lembani tsiku, nthawi ndi malo, jambulani chithunzi, ndipo kanenezeni ku khonsolo ya mzinda ndi ku MEPA pamodzi ndi amfumu anu.

MUULUTSI: Kalata iyi yadutsa malire. Mayi wa ku Chipata m'dziko la Zambia akuti ali ndi abale ku Kabwe, kumene dothi lili ndi mtovu. Akufunsa ngati tizidutswati tingathetse mtovuwo.

KATSWIRI: Zikomo mayi potilembera. Vuto la ku Kabwe ndi lalikulu. Mgodi wa mtovu ndi zinc unagwira ntchito kumeneko kwa zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, ndipo fumbi lake likulowabe m'magazi a ana. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula.

Yankho langa n'lakuti ayi, sitingauthetse, ndipo ndifotokoze chifukwa. Mankhwala monga TCE, utoto kapena mankhwala ophera tizilombo ndi maatomu ambiri olumikizana, ndiye angathe kumasulidwa. Koma mtovu, arsenic ndi chromium ndi maatomu paokha. Palibe tsamba kapena chitsulo chimene chingaphwanye atomu ya mtovu. Chimene chitsulo chingachite ndi kuumanga kuti usasungunuke m'madzi. Koma mwana akameza dothilo, kapena nthaka ikasanduka ya asidi, mtovu uja ungathe kumasukanso. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni kumalo otere ndi kuchotsa dothi loipa kapena kulikwirira ndi dothi labwino, kudzala udzu kuti fumbi lisauluke, ndi kuyezetsa magazi a ana kuti ofunika thandizo alilandire.

Pa chromium nkhani imakomako. Chromium wa mtundu wa 6, amene amagwiritsidwa ntchito pokutira zitsulo kuti zinyezimire ndi m'mankhwala ena otetezera matabwa, amayenda ndi madzi ndipo amayambitsa khansa. Akalandira maelekitironi atatu amasanduka wa mtundu wa 3, amene sasungunuka msanga ndipo kuopsa kwake n'kochepa. Apa tizidutswa ta tiyi taonetsa mphamvu ndithu, chifukwa chitsulo ndi ma polyphenols zonse zimapereka maelekitironi. Bungwe la WHO limati chromium asapitirire mamiligalamu 0.05 pa lita ya madzi akumwa.

Pa arsenic chitsanzo chabwino chili ku Bangladesh, kumene mijigo yambiri inapezeka ndi poizoniyu. Abul Hussam anapanga sefa ya ndowa ziwiri yotchedwa SONO, yokhala ndi mchenga, makala ndi zinyenyeswa za chitsulo zokonzedwa mwapadera, ndipo mu 2007 inapata mphoto ya Grainger Challenge ku America. Sefayi inakhulupirika chifukwa madzi ake anayezedwa mobwerezabwereza asanaipereke kwa anthu.

MUULUTSI: Funso lotsatirali anthu angapo afunsa mofanana. Mmodzi wa iwo, mayi wa ku Salima, akuti: "Kodi ndingaviike misomali mu tiyi n'kuthira m'madzi akumwa kuti ayere? Kapena ndi chimodzimodzi ndi njere za chammwamba?"

KATSWIRI: Mayi, chonde musatero, ndipo aliyense amene akumva akauze mnzake. Chimene chimadwalitsa anthu ambiri m'madzi athu akumwa ndi tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Misomali ndi tiyi sizingakutetezeni ku matenda amenewa. Choipa china n'chakuti tiyi ndi chitsulo zimafooketsa klorini, ndiye mukazithira m'madzi mwachotsa chitetezo chimene chinalipo. Misomali ina imakutidwanso ndi zitsulo zina zimene simuyenera kumwa. Wiritsani madzi mpaka abwate, kapena thirani klorini kapena WaterGuard pa mlingo umene alangizi a zaumoyo amanena, dikirani mphindi 30, ndipo sungani m'chigubu chotseka.

Chammwamba ndi nkhani ina. Ufa wa njere zake umakoka matope kuti aundane n'kukhazikika pansi. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku University of Leicester ndi anzawo a kuno anauyesa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo ndipo unatsitsa matope bwino. Komabe madzi otero amafunikabe klorini kapena kuwiritsa.

Ndionjezere mfundo imodzi. Anthu amaganiza kuti chochokera ku masamba sichingapweteke. Ofufuza a ku Olomouc aja anayesa tizidutswa ta tiyi pa ndere ndi pa tizilombo ta m'madzi timene nsomba zing'onozing'ono zimadya, ndipo anapeza kuti timaziononga. Kale mu 2004 mabungwe a Royal Society ndi Royal Academy of Engineering a ku Britain analangiza kuti ma nanoparticles asamwazidwe m'chilengedwe pofuna kuyeretsa malo mpaka kafukufuku ataonetsa kuti phindu lake likuposa kuopsa kwake. Nyanja yathu imadyetsa anthu ambiri, ndiye chenjezo limeneli tisalitaye.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, koma tiwerenge yomaliza. Mnyamata amene akuphunzira sayansi pa yunivesite ina m'dziko muno akufunsa ngati kafukufukuyu angatheke kuno, ndipo angayambire pati.

KATSWIRI: Angatheke, mwana wanga, ndipo ndikukulimbikitsa. Yunivesite ya MUST ili ku Thyolo pakati pa minda ya tiyi, bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lili ku Mulanje, ndipo ku UNIMA, MUBAS, LUANAR ndi Mzuni kuli aphunzitsi odziwa za madzi. Zinyenyeswa zotsala m'mafakitale a tiyi, masamba a bulugamu ndi gaga wa mapira sizisowa.

Koma usabwereze zimene anthu ambiri achita kale, zothira utoto wogula m'madzi oyera n'kujambula botolo likusintha mtundu. Katunge madzi enieni otuluka m'fakitale, utapempha chilolezo, chifukwa m'menemo muli mchere, sopo ndi mafuta zimene zimasokoneza ntchito. Yesa madzi a masamba paokha ndi mchere wa chitsulo pawokha, kuti udziwe ngati tizidutswato tikuonjezerapo kanthu. Lemba mtundu wa mtengo, malo ndi mwezi umene unathyola masamba, pakuti ma polyphenols amasintha ndi nyengo, ndipo tsamba la m'dzinja silifanana ndi la m'chilimwe. Usatchule chinthu kuti ndi chitsulo chenicheni usanachipime. Ngati makina ake palibe pa sukulu yanu, gwirizana ndi labotale ina imene ili nawo. Yeza zotsalira m'madzi mtundu ukatha, ndipo ona ngati mbewu zikumera kapena tizilombo ta m'madzi tikukhala ndi moyo m'madzi amenewo. Pomaliza werengera mtengo woyeretsera malita 1,000, nkhuni kapena magetsi owiritsira masamba omwe, chifukwa mwini fakitale adzayamba kufunsa chimenecho.

MUULUTSI: Mawu anu otsiriza kwa omvera, mayi.

KATSWIRI: Sayansi imeneyi ndi yoona ndipo zipangizo zake zimamera m'minda mwathu, koma pakali pano malo ake ndi mu labotale ndi m'matanki oyang'aniridwa ndi akatswiri, osati m'ndowa ya kunyumba kapena mumtsinje. Musakhulupirire madzi chifukwa choti ayera m'maso. Eni mafakitale, yeretsani madzi anu asanatuluke pampanda. Alimi, musatsukire mabotolo ndi masipuleya a mankhwala mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Kuletsa poizoni kulowa m'madzi n'kotchipa kuposa njira iliyonse yomuchotsera.

MUULUTSI: Amene makalata anu sanawerengedwe lero musataye mtima, tidzawayankha sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Pitirizani kutumiza mafunso anu, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini tsiku lililonse.